N'chifukwa chiyani zilonda zina zimakana kupola ku Chiradzulu?

Namondwe wa Freddy atawomba chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chiwerengero chomwe chidamveka kwambiri pa wailesi ndi m'nyuzipepala chidali cha anthu omwalira ndi osowa. Chiwerengero china chidadutsa mwakachetechete. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya Dodma idati anthu oposa 2,000 adavulala, ndipo ena mwa iwo adali a m'mudzi wa Ntauchira, kwa mfumu yaikulu Likoswe m'boma la Chiradzulu, kumene matope, miyala ndi mitengo zidatsika m'phiri n'kukwirira nyumba.

Bala la munthu wovuulidwa m'matope silifanana ndi la mpeni wa kukhitchini. Mnofu umakhala wophwanyika, ndipo mkati mwake mumalowa dothi, mchenga ndi zitsotso. Dokotala wodziwa ntchito yake salisoka tsiku lomwelo. Amalitsuka ndi madzi ambiri, amadula mnofu wonse wakufa, amabaya wodwalayo katemera wa kafumbata, kenaka amalisiya bala lija lili kukamwa kwa masiku angapo asadalitseke. Wachibale woyang'anira wodwala akhoza kuyesa kuti adokotala atayirira ntchito, pamene iwo akutsata mfundo yomwe sayansi idakhazikitsa kalekale: palibe singano, ulusi kapena mankhwala omwe amapoletsa chilonda. Limapoletsa ndi thupi lenilenilo, ndipo ntchito ya chipatala ndi kuchotsa zomwe zikulitchinga.

Mfundoyi ili ndi tanthauzo lalikulu pa momwe boma ngati la Chiradzulu, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 350,000, liyenera kugwiritsira ntchito ndalama zochepa za zaumoyo. Koma kuti tanthauzolo limveke, pafunika kudziwa zomwe zimachitika pansi pa bandeji.

Khungu likang'ambika, oyamba kufika pamalopo ndi timaselo ting'onoting'ono ta m'magazi totchedwa ma platelet. Timeneti timaunjikana ndi kumatana kuti magazi asiye kutuluka, ndipo anthu ambiri amadziwa ntchito yokhayi. Ntchito yachiwiri ndiyo yaikulu: timaseloti timatulutsa mapuloteni apadera omwe akatswiri amawatchula kuti ma growth factor. Amenewa ndi amithenga. Sakonza okha malo owonongeka, koma amanyamula uthenga wouza maselo ena choti achite. Pa khoma la selo lililonse pali malo olandirira uthenga, ndipo mthenga aliyense amalowa pamalo ake okha monga kiyi alowera m'loko wake. Akangolowa, uthengawo umapatsiranapatsirana m'kati mwa selo kufikira pa phata lake pomwe pamakhala DNA, ndipo lamulo limatuluka: gawikana, sendera uko kuli bala, kapena yamba kuluka mnofu watsopano.

Mthenga wina wotchedwa PDGF, pamodzi ndi mnzake TGF-beta, amaitana maselo oyera a m'magazi kuti adzaphe tizilombo ndi kusesa zowola. Apa m'pamene bala limafiira, kutupa ndi kutentha kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo zimenezi si matenda ayi, ndi chizindikiro choti asilikali a m'thupi afika. Pakati pa maselo oyerawa pali mtundu wina wotchedwa macrophage, womwe uli ndi khalidwe lodabwitsa. Poyamba umabwera ngati msilikali, koma nkhondo ikatha umatula zida n'kusanduka kapitawo wa omanga. Ndi umenewu womwe umatulutsa amithenga ochuluka oitana maselo oluka ulusi wolimba wa collagen, womwe ndiwo milimo ndi phaso za mnofu watsopano. Nkhani yonse ya chilonda chopola ndi chosapola yagona pa kusintha kumeneku.

Omangawo amafuna chakudya ndi mpweya, koma mitsempha ya magazi ya pamalopo idaduka. Kuchepa kwa mpweya wa okosijeni n'komwe kumadzutsa mthenga wina, VEGF, yemwe amauza timitsempha ta m'mphepete mwa bala kuti tiphuke nthambi zolowa m'katimo. Pakatha sabata imodzi, pansi pa bala pamaoneka mnofu wofiira wonyezimira, wokhala ngati timikanda tating'ono, wosachedwa kutuluka magazi ukakhudzidwa. Odwala ambiri amachita nawo mantha, ena mpaka amauthira phulusa kuti uume, chonsecho namwino akauona amamwetulira chifukwa umenewo ndiwo mnofu wamoyo.

Kenaka amithenga ena, EGF ndi anzake, amalamula maselo a khungu kuti ayambe kukwawa kuchokera m'mphepete kulowera pakati mpaka akumane. Maselowa amachokeranso m'mizu ya ubweya ndi m'timabowo totulutsa thukuta. N'chifukwa chake mwana wopsa pang'ono ndi phala amapola m'masabata awiri kapena atatu, pamene wogwera pamoto n'kupsa mozama, mpaka mizu ija kuthera pomwepo, sangamere khungu pakati pa bala. Wotereyu amafunika kutumizidwa ku Gulupu ku Blantyre, komwe kuli chipinda chapadera cha anthu opsa, kuti akamusende khungu pa ntchafu n'kulimata pa bala. Akachedwa, thupi limatseka bala m'njira yomwe lingathe, yomwe ndi kukoka m'mphepete mwake, ndipo zala, chigongono kapena khosi zimapinimbira moyo wonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha m'mapiri a Shire chimasonkhanitsa mabanja kuwotha moto, ana aang'ono ndi anthu odwala khunyu ndiwo amagwa kwambiri m'ngozi imeneyi.

Ngakhale bala litatsekeka, ntchito imapitirira mobisika kwa chaka kapena kuposerapo, ulusi uja ukumasulidwa ndi kulukidwanso. Chipsera sichibwerera pa mphamvu ya khungu loyamba. Chikalimbitsitsa chimafika pafupifupi 80 pa 100 ya mphamvuyo. Ndipo uthenga ukapitirira osazima, pamatuluka zipsera zotupa zija zomwe zimaoneka pa makutu oboola kapena pa chifuwa, zomwe zimachuluka pakati pa anthu akhungu lakuda.

Amithengawa sadadziwike kale kwambiri. Mu 1962, katswiri wa ku America Stanley Cohen adapeza kuti madzi ochokera m'ziwalo zopanga malovu za mbewa, akabayidwa mwa tiana ta mbewa tongobadwa kumene, amachititsa kuti titsegule maso ndi kumera mano masiku ake asadakwane. Puloteni yomwe imachita zimenezi ndiyo EGF, ndipo mu 1986 Cohen adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Rita Levi-Montalcini wa ku Italy, yemwe adatulukira mthenga wokulitsa minyewa. Zikuonetsa kuti galu ponyambita bala lake sachita zopanda nzeru, ngakhale kuti m'kamwa momwemo mulinso tizilombo tambirimbiri, kotero si njira yoti munthu n'kutengera.

Tsono chimaimitsa ntchito yolongosoka chotereyi n'chiyani?

Choyamba ndi litsiro. Bala likakhala ndi mnofu wakufa kapena tizilombo tochuluka, maselo oyera aja satula zida. Amabwerabe, ndipo mankhwala owononga omwe amatulutsa pofuna kusungunula zowola amadulanso amithenga aja asadafike komwe atumidwa. Chilonda chimaima pamalo amodzi, chikutuluka mafinya mwezi ndi mwezi. Umboni wa mfundoyi udapezeka kufupi ndi Chiradzulu. Mu 2002, madokotala a mafupa a ku Blantyre, motsogozedwa ndi W. J. Harrison, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa odwala omwe adawaika zitsulo m'mafupa othyoka. Nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo adali asadafale, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti kuchita opaleshoni munthu yemwe ali ndi kachilombo ka HIV n'kumupalamulira chilonda chosapola. Kafukufukuyo adapeza kuti pamene khungu lidali losang'ambika opaleshoni isadachitike, mabala a odwala omwe adali ndi kachilombo adapola mofanana ndi a anzawo opanda kachilombo. Kusiyana kudaoneka pa mabala omwe adalowa kale litsiro: mwa omwe adali ndi kachilombo, 42 pa 100 aliwonse mabala awo adatukusira, poyerekeza ndi 11 pa 100 mwa opanda kachilombo.

Zotsatirazi zikukhudza Chiradzulu mwachindunji. Bomali lidali m'gulu la malo oyambirira m'dziko muno kulandira ma ARV aulere, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwalawa pa chipatala cha boma mu 2001, ndipo pambuyo pake ntchitoyo idafalikira m'zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Nkalo ndi Mbulumbuzi. Kafukufuku wa mu 2013 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse m'bomali ali ndi kachilomboka. Ambiri mwa iwo ali moyo lero, akulima, akukwera njinga zamoto za kabaza, ndipo akuvulala monga wina aliyense. Kwa iwowa, maola omwe amadutsa pakati pa ngozi ya pa Njuli kapena pa Namadzi ndi kutsukidwa bwino kwa bala ndiwo amagamula mlandu.

Chachiwiri ndi matenda a shuga, ndipo apa m'pomwe chipambano cha dzulo chabala vuto la lero, chifukwa anthu omwe adapulumuka ku Edzi tsopano akukalamba n'kumakumana ndi matenda a ukalamba. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 ali ndi matendawa, ndipo ambiri sankadziwa. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, amapha minyewa ya kumapazi, kotero mlimi amatha kuponda minga kapena chitsa m'munda osamva kanthu, n'kuyendabe pa balapo masabata angapo. Mitsempha ya magazi imaning'a. Maselo oyera amachita ulesi. Amithenga amapangidwa ochepa, ndipo maselo a m'mphepete mwa chilonda amakhala ngati agontha, uthenga ukafika sayankha. Pamwamba pa zonsezi pamabwera zikhulupiriro. Chilonda chomwe chabwera popanda ululu, n'kukana kupola, chimaganiziridwa msanga kuti mwinichake adaponda mankhwala, ndipo miyezi yomwe phazi likadapulumuka imathera kwina. Ena amangochibisa m'sokosi chifukwa cha fungo, kuiwala kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pofika kuchipatala cha boma kapena cha mishoni cha St Joseph's ku Nguludi, nkhani imakhala yodula mwendo.

Chachitatu, chomwe sichikambidwa kwenikweni m'zipinda za odwala, ndi chakudya. Mthenga angathamange motani, koma omanga sangamange popanda njerwa. Ulusi wa collagen umapangidwa kuchokera ku mapuloteni a m'chakudya, ndipo sulimba popanda vitamini C. Maselo sagawikana bwino popanda mchere wa zinc, ndipo magazi ochepa sanyamula mpweya wokwanira. Munthu wopsa malo aakulu amafuna chakudya choposa cha munthu wolima tsiku lonse. Izi zikuchitika m'dziko lomwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, komanso m'chigawo chomwe chitangokokoloredwa minda ndi Freddy chidakumananso ndi ng'amba ya El Niño, yomwe idachititsa mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti Chiradzulu ndi boma la nandolo ndi mkaka. Mbandakucha uliwonse alimi amapalasa njinga ndi zigubu za mkaka kupita kumalo osonkhanitsira, kuti ukagulitsidwe m'tauni, ndipo nandolo amathera kwa mavenda. Palibe angawadzudzule, popeza fizi ndi feteleza zimafuna ndalama. Koma zikutanthauza kuti m'nyumba momwe muli wodwala chilonda, chakudya chomanga thupi chimatuluka pakhomo iye akudya nsima ya masamba.

Poona zonsezi, funso limabwera lokha: ngati amithengawa akudziwika, bwanji osawapanga m'fakitale n'kumawapaka pa chilonda? Adayesa kale. Mu 1997 dziko la America lidavomereza mankhwala opaka otchedwa Regranex, omwe ndi PDGF wopangidwa ndi anthu, kuti azithandiza zilonda za kumapazi za odwala shuga. Dziko la Cuba lidapanga Heberprot-P, yemwe ndi EGF wobaya m'chilonda momwemo, ndipo adayamba kugwira ntchito kumeneko mu 2006. Mankhwalawa amathandiza, koma osati modabwitsa. Pa kafukufuku wamkulu wa Regranex, zilonda 50 pa 100 zidapola m'masabata 20, poyerekeza ndi 35 pa 100 mwa omwe adapakidwa mafuta opanda mankhwalawo. Ndipo odwala onsewo adali oti zilonda zawo zikutsukidwa ndi kuchotsedwa zowola nthawi zonse, magazi akufika bwino kuphazi, komanso saponda pa chilondapo. Kupaka mankhwala odulawa pa chilonda cha mafinya n'kutumiza mthenga m'njira momwe muli achifwamba. Amafunanso kusungidwa m'firiji, m'dziko lomwe magetsi amathima osatsanzika.

Palinso mbali ina yomwe anthu a ku Chiradzulu akuidziwa ndi maso. Uthenga wouza maselo kuti agawikane ndi mitsempha kuti iphuke ndi womwewo womwe khansa imaba. Khansa ya pakhungu ya Kaposi, yomwe idasautsa anthu ambiri m'bomali m'zaka zomwe Edzi idali pachimake, imayamba ndi kachilombo kotchedwa HHV-8, komwe kamakakamiza maselo kutulutsa VEGF wosalekeza, mpaka timitsempha timamera mopanda dongosolo n'kupanga zotupa zakuda zija za m'miyendo. Walira mvula walira matope: mphamvu yomwe imatseka bala ndi yomweyo imakulitsa chotupa ikasowa woiletsa. N'chifukwa chake mu 2008 akuluakulu oona za mankhwala ku America adaika chenjezo la khansa pa Regranex, ngakhale adalichotsa mu 2018 kafukufuku wina ataonetsa kuti chiopsezocho sichidatsimikizike.

Choncho phindu la sayansi imeneyi kwa boma ngati Chiradzulu silili m'botolo lochokera kunja. Lili pa kufotokoza chifukwa chomwe njira zotsika mtengo zimagwirira ntchito, ndi chifukwa chomwe zizolowezi zina zimawonongera. Anthu ambiri adakula akumva kuti chilonda chizipitidwa mphepo kuti chiume. Koma mu 1962, chaka chomwe Cohen adapeza EGF, katswiri wa ku Britain George Winter adaonetsa pa nkhumba kuti bala lophimbidwa ndi kusungidwa lachinyontho limamera khungu mofulumira pafupifupi kawiri kuposa lomwe lauma n'kuchita nkhanambo. Maselo a khungu amakwawa mosavuta pa chinyontho, ndipo amithenga amayenda m'madzi a pabala. Phulusa, dothi, mankhwala otsukira mano ndi oyilo wa galimoto, zomwe anthu amathamangira munthu akapsa, zimapha maselo omwewo omwe akudikiridwa kuti amange, pamene madzi ozizira oyera othiridwa kwa mphindi 20 amaletsa kutentha kulowerera mkati.

Ngakhale zophimbira zabwino si zonse zochokera kunja. Mu 2007, achipatala cha Beit CURE ku Blantyre adasindikiza zotsatira za kuyerekeza uchi ndi shuga wamba pa zilonda za odwala 40. Zonse ziwiri zidachepetsa tizilombo, popeza zimayamwa madzi omwe tizilomboto timadalira, koma uchi udapoletsa mofulumirirapo ndipo odwala sankamva ululu kwambiri posintha mabandeji. Odwala 40 ndi ochepa, ndipo zotsatirazi si chilolezo choti munthu azidzithira shuga kunyumba osaonana ndi achipatala, maka wodwala shuga yemwe chilonda chake chimatha kuoneka chaching'ono pamwamba chitafika kale pa fupa. Koma zikuonetsa kuti njira zoyesedwa m'dziko momwe muno zilipo, pa nthawi yomwe thonje, mabandeji, magolovesi ndi madzi otsukira mabala zimadalira ndalama zakunja zomwe zikusowa, ndipo mitengo yake idalumpha Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023.

Vuto lalikulu la chilonda m'ndondomeko za zaumoyo n'lakuti chilibe mwini. Malungo, TB ndi Edzi zili ndi mapologalamu awoawo, maofesi awo ndi owathandiza awo. Chilonda chimalembedwa pansi pa dzina la chomwe chidachiyambitsa, kaya ngozi ya pamsewu, shuga, moto kapena opaleshoni ya uchembere, ndipo chikatha miyezi isanu ndi umodzi chisadapole, mtengo wake umagwera banja: ndalama ya kabaza yopita kukatsukitsa kawiri kapena katatu pa sabata, munda wosalimidwa, mwana wamkazi wojomba kusukulu kuti asamale agogo. Banja likatopa limayamba kudumphitsa masiku, tizilombo timabwerera, ndipo ntchito yonse ya amithenga imayambiranso pachiyambi.

Chiradzulu ndi boma lomwe lidaphunzitsa dziko lino kuti ntchito yomwe inkaoneka ngati ya madokotala okha, yoyambitsa ndi kulondoloza ma ARV, ingathe kugwiridwa ndi anamwino ndi azaumoyo ena m'zipatala za kumudzi. Njira yomweyo ikhoza kunyamula zilonda. Wodwala wobwera kudzatenga ma ARV kapena mankhwala a shuga akhoza kuvula nsapato kuti namwino aone mapazi ake, ntchito ya mphindi ziwiri. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe amayenda kale khomo ndi khomo, akhoza kuphunzitsidwa kusiyanitsa mnofu wofiira wamoyo ndi wakuda wakufa. Sukulu ya anamwino ili pa Nguludi pomwepo, ndipo sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ili ku Blantyre, mtunda wosakwana ola limodzi pa galimoto.

Palinso muyeso wina wosafuna makina. Akatswiri a zilonda za odwala shuga adapeza kuti chilonda cha kuphazi chomwe sichidachepe ndi theka m'masabata anayi oyamba a chithandizo, kawirikawiri sichipola ngakhale pakatha masabata 12. Namwino wa pa Ndunde kapena pa Milepa yemwe wayeza mulitali ndi mulifupi mwa chilonda tsiku loyamba, n'kulemba m'buku la kuchipatala la wodwalayo, amadziwa pofika sabata yachinayi ngati amithenga akumveka kapena ayi, ndipo ngati sakumveka amalemba kalata yotumiza wodwalayo ku chipatala cha boma phazi likadali lake.